Njinga za Moto Zakale ndi Petulo Wofooka

Petulo wa m'maiko onse safanana. Wina ndi wabwino, wina ndi wofooka, ndipo wina amafika m'migolo ya dzimbiri atasanganizika ndi madzi ndi mcenga. Munthu wa pa ulendo wautali sasankha, amathira amene wampeza. Ndipo njinga ikamfera m'cipululu, moyo wace uli pangozi. Nanga njinga zakale zija za ku England zinkapirira bwanji?

M'kati mwa injini muli citsulo cochedwa pisitoni, cimene cimakwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Pokwera cimapanikiza mpweya wosanganizika ndi petulo, ndipo pulagi ithetheka moto ndi kuuyatsa. Tsono petulo wofooka sapirira kupanikizidwa kwambiri. Amaphulika yekha moto wa pulagi usanamfike, ndipo injini imamveka kugogoda ngati munthu akukhoma msomali. Kugogodako kukapitirira, pisitoni imatentha mpaka kubooka.

Apa ndi pamene njinga yakale ipambana. Ya BSA M20, yopangidwa ku Birmingham kuyambira 1937, imapanikiza mpweya pafupifupi kasanu kokha, pamene zambiri za masiku ano zimapanikiza kakhumi kapena kuposa. Ndi njinga yolemera ndi yaulesi ndithu, koma asilikali a pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anayenda nayo m'zipululu za kumpoto kwa Africa, ikumwa petulo ali yense. Ted Simon, amene ananyamuka ku London mu 1973 nazungulira dziko lonse zaka zinai pa Triumph, anamuikira dala mapisitoni osapanikiza kwambiri. Analola kutaya liwiro kuti akafike.

Ndiponso pa cogwirira ca M20 pali kacitsulo kocedwetsera moto wa pulagi. Wokwera akamva kugogoda pa citunda, amakasuntha pang'ono ndi cala, ndipo injini imakhazikika. Koma pafunika khutu labwino, pakuti moto wocedwa kwambiri umatenthetsanso injini ndi kuilanda mphamvu.

Zinyalala ndi madzi ndizo ziribe cifundo, ngakhale pa njinga yakale. Petulo amadutsa m'kabureta pa kabowo kakang'ono ngati ka singano, ndipo kamcenga kamodzi kakwanira kukatseka. Madzi, popeza ndi olemera koposa petulo, amamira pansi pa thanki, pamenenso pali paipi yotulutsira. Cifukwa cace apaulendo ocenjera ankasefa petulo pa cikopa cofewa cimene sicilola madzi kudutsa. Kabowo kakatsekeka, munthu ankakhala pamthunzi, namasula kabureta ndi sipanala, nauzira ndi pakamwa, ulendo nupitirira.

Masiku ano palinso bvuto lina. Maiko ambiri amasanganiza petulo ndi ethanol, ndipo Malawi anayamba kutero mu 1982 ndi ethanol wocokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Petulo wotere sagogodetsa injini ai, koma amadya mphira wa m'mapaipi akale, nakoka cinyontho ca mumpweya. Njinga ikaima miyezi ingapo thanki liri ndi petulo pang'ono, madzi amaunjikana pansi, ndipo dzimbiri limayamba kudya citsulo m'kati, mwini wace akupukuta kunja.