Kubaya, Kubooka ndi Kuphwa

Ambiri a ife, kaya ndi ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Angónia, liwu la Chingerezi loti puncture tinalidziwira m'mbali mwa msewu, pa zikwangwani za omata matayala. Komatu liwuli ndi lakale kuposa tayala. Linachokera ku mneni wa Chilatini woti pungere, kutanthauza kubaya ndi chinthu chosongoka, ndipo point ndi punctuation ndi ana a bere lomwelo. John Boyd Dunlop atapanga tayala lopopa ku Belfast mu 1888, liwuli linapeza ntchito yatsopano, mpaka anzathu a Chiswahili analibwereka n'kukhala pancha.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti Mngerezi amasenzetsa liwu limodzili katundu yense: ntchito ya kubaya, bowo lotsalapo, ngakhalenso tsoka la wapaulendo. Chinenero chathu sichitero. Wakabaza akaponda munga, timati munga wabaya tayala, chubu chabooka, kenako tayala laphwa. Kubaya kumaloza chimene chalowa, kubooka kumaloza bala la chinthucho, pomwe kuphwa kumanena za mpweya umene wathawa. Tilinso ndi mawu apawiri: kuboola kumafuna wochita, kubooka sikutchula munthu, chimodzimodzi kuphwetsa ndi kuphwa. Mwana wobwereka njinga amadziwa bwino kusiyanaku, n'chifukwa chake pobweza amati "yaphwa", osati "ndaphwetsa". Galamala yamupulumutsa ku mkwapulo.

Pamsewu kusankha mawu molakwika kumangoseketsa, koma kuchipatala ndi nkhani ya moyo. Madokotala akamaganizira matenda oumitsa khosi amachita chimene pa Chingerezi amati lumbar puncture, njira imene Heinrich Quincke anaifotokoza ku Germany mu 1891. Amalowetsa singano yopyapyala kumunsi kwa msana, pakati pa mafupa, n'kutenga timadzi pang'ono tokayeza. Womasulira wothamanga, pokumbukira tayala, akhoza kuuza mayi kuti mwana wake amuboola msana. Mayiyo amamva zimene chinenero chake chamuphunzitsa: choboola chimasiya bowo, ndipo chobooka chimadontha mpaka kutha. Ndani angavomere zotere pa mwana wake? Tikudziwa kuti m'madera athu ambiri anthu amaopa kuyeza kumeneku, poti odwala ena amafika mochedwa, akamwalira mlandu n'kugwera singano. Liwu loti kuboola limangothira nkhuni pamoto wa manthawo.

Anamwino odziwa ntchito amati kutenga madzi a pamsana. Sanamasulire liwu, koma anafunsa kuti pakuchitika chiyani, ndipo anapeza mneni woyenera. Kubaya tinakuzolowera kale pa jakisoni ndi katemera, ndipo aliyense amadziwa kuti pobayidwa pamapola.

Choncho ndimakana ndikamva wina akunena kuti Chichewa chilibe liwu la puncture. Chili nawo angapo, ndipo chimakakamiza wolankhula kusankha: ndani wachita, chawonongeka n'chiyani, chatuluka n'chiyani. Kubwereka si tchimo, pakuti tayala, chubu ndi pampu tinabwereka ndipo zinakhazikika. Ngozi ili pobwereka liwu limodzi n'kutaya atatu amene amaona bwino kuposa ilo.

Inu a ku Zambia ndi Mozambique, njinga ikaponda munga kwanuko mumati yatani? Nanga singano ya pamsanayo anamwino anu amaifotokoza ndi mawu otani?