Maola asanu pa mbaula ya anganga ku Chiponde

Minibasi ikangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi Boma, kutentha kwa kunyanja kumayamba kutsalira m'mbuyo. Msewu umakwera mapiri mokhotakhota, kenako mumadutsa Namwera kamphepo kozizira kakulowera pawindo. Mukatsika pa Chiponde ndiye kuti Malawi mwamumaliza. Kuseri kwa chipata ndi ku Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique.

Pano aliyense ali pa liwiro. Anyamata osintha ndalama amakuthamangirani ndi mipukutu ya makwacha ndi mametikali, akabaza akulimbirana katundu wanu, malole ali pamzere kudikira mapepala. Chiyao, Chichewa ndi Chipwitikizi zimamveka pakamwa pamodzi.

Koma ine sindinabwere kudzawoloka. Ndinabwera chifukwa cha manyazi. Pa Eid yapitayi ndinaphika nyama ya masala kwathu ku Limbe, ija anganga, mayi wa mayi anga, amatchuka nayo. Ndinagwiritsa ntchito pressure cooker, mphindi 40 basi. Mayi analawa, n'kungoti, "Yapsa mwanangu," osaonjezeranso mawu. Ndinamva. Anganga maso ayamba kuwavuta, ndipo m'banja mwathu palibe amene analembapo kaphikidwe kake.

Kaphikidweka kanabwera ndi malemu agogo aamuna, omwe anali khukhi wa Mmwenye wina wa sitolo cha ku Namwera. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amwenye kuchoka m'misika ya kumidzi n'kukachita malonda m'matauni akuluakulu okha. Bwana uja anapakira katundu, ntchito n'kuthera pomwepo. Agogo anabwerera kumudzi opanda penshoni, koma ndi luso m'manja.

Tinalawirira kumsika. Kuno Asilamu ndi ambiri, choncho nyama ya halaal sivuta kupeza. Ine ndinaloza mnofu wofewa, anganga n'kundimenya kadzanja.

"Iwe, imeneyo ndi ya kanyenya. Tenga yapamwendo, yamitsempha, yokhala ndi fupa."

Tinagula makilogalamu awiri, chibuluma chimodzi chosaduladula. Kunyumba ndinasinja adyo, jinja, tsabola ndi mchere mu kamtondo, n'kufinyiramo mandimu awiri. Nyama ija tinaibayabaya ndi mpeni, kuipaka zosinjazo, n'kuisiya ivundikiridwe mpaka masana.

Kuitana kwa swala ya masana kutamveka ku mzikiti, mbaula inali itayaka. Anganga anamasula kansalu kamene amasungiramo timapepala ta zokometsera. Amatchula mayina omwe anamva kwa amuna awo: jira ndi dhaniya, zomwe m'masitolo a m'tauni zimalembedwa kuti cumin ndi coriander. Munalinso chikasu, makungwa a sinamoni, cardamom ndi ma cloves. Jira ndi dhaniya tinayamba takazinga pa chiwaya chouma mpaka fungo litatuluka, kenako kusinja.

Apa mpamene ndinazindikira pomwe ndinkalakwitsa. Ine ndinkangothira ufa wa masala m'madzi. Anganga amayamba ndi mafuta, kuponyamo sinamoni, cardamom ndi ma cloves kuti zithetheke, kenako anyezi akuluakulu anayi. Anyeziwo amatenga pafupifupi theka la ola pamoto wochepa, mpaka afiire ngati dothi la katondo.

"Anganga, sanapse?"

"Ukufuna kukakwera basi? Takasa."

Nyama inalowa, kuitembenuza mbali zonse kuti igwire mtundu. Kenako zosinja zija, chikasu, matimati atatu, ndi madzi otentha ongofika pakati pa nyama. Anavundikira poto, kuchotsa makala ena m'mbaula n'kuwaika pamwamba pa chivundikiro, kuti moto uzichokera pansi ndi pamwamba. Potoyo sayenera kuwira mwaukali, azingonong'ona. Moto wofatsa ndi umene umasungunula mitsempha ija, msuzi n'kukhala wogwirana popanda kuthiramo ufa. Ukaupsereza ndi changu, nyama imauma ngati chikopa.

Anganga alibe wotchi. Amatembenuza nyama akamva swala ya madzulo, n'kuipula ikamveka ya dzuwa litalowa. Pakati ponsepo tinakhala pakhonde, iwo akundiuza za nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene anthu othawa ankadutsa pano ndi mitolo pamutu mpaka mtendere utabwera mu 1992. Ena anawaphikirapo nsima pabwalo lomweli. Foni yanga inali m'manja kuti ndilembe miyezo, koma muyezo wawo ndi zala zitatu ndi mphuno. Ndinaisiya, n'kuyamba kununkhiza nawo.

Mdima utagwa tinavundukula. Nyama inkachoka pafupa ndi supuni chabe, msuzi wake wakuda bii, wonunkhira mpaka ana a oyandikana nawo anayamba kuzungulira mpanda. Tinadyera mpunga, mbale imodzi, ndi manja.

Ndinkaganiza kuti ndatha, koma m'mawa mwake anandipatsanso ndalama ya nyama. "Dzulo unaonera. Lero uphike wekha, ine ndikhala apa." Anyezi ndinapsereza pang'ono, iwo anamva fungo ali pakhonde n'kukuwa dzina langa. Komabe madzulo anadya, n'kupempha msuzi wina.

Mukadzapita ku Chiponde, musangodinditsa pasipoti n'kudutsa. Ine ndinabwerako ndi kansalu ka timapepala m'chikwama, ndi lamulo loti Eid ikubwerayi mbaula ya ku Limbe iyake masana, mayi asakhudze poto.