Galu wa m'Buku ndi Galu wa m'Kanema

Masiku ano ana ambiri amayamba kuona nkhani ndi maso asanaiwerenge m'buku. M'makomboni a mu Lusaka, monga kwathu ku Garden, mwana amene sanatsirizepo buku ngakhale limodzi akhoza kukufotokozerani makanema makumi awiri osaphonya kanthu. Mphunzitsi wa Cinyanja asakhumudwe nazo zimenezi, koma adziwe kuti buku ndi kanema ali ngati mboni ziwiri pa mlandu umodzi: iliyonse ili ndi zimene inena ndi zimene ibisa. Ndifuna kuonetsa zimenezi ndi nkhani ya galu wochedwa Buck.

Buku la The Call of the Wild linalembedwa ndi Jack London wa ku America ndipo linasindikizidwa mu 1903. Mlembiyo anali atapita yekha ku Klondike, kumpoto kwa dziko la Canada, mu 1897, pamene anthu zikwizikwi anathamangira kumeneko kukafuna golide. M'dziko lozizira lotere katundu anali kumunyamula pa cilei cokokedwa ndi agalu, monga mmene ng'ombe zikokera cilei kumidzi ya kum'mawa kwathu. Motero agalu amphamvu anakwera mtengo. Buck anali kukhala mwamtendere pa nyumba ya woweruza milandu ku California, kufikira tsiku limene wanchito wa m'munda, amene anali wokonda njuga, anamuba namugulitsa.

Ndinayamba ndi buku, ndipo cimene cinandigwira mtima ndi cakuti mlembi sanamcitire cifundo woweranga. Munthu wobvala juzi yofiira amenya Buck ndi cibonga mpaka kukomoka. Galu mnzake, Curly, akhadzulidwa ndi agalu ena iye alikuona. Buck aphunzira kuba cakudya kuti asafe ndi njala, ndipo potsiriza alimbana ndi Spitz, mtsogoleri wa gulu, mpaka Spitz aphedwa. Zonsezi tizimva kucokera mkati mwa galuyo, ngakhale kuti iye salankhula monga Kalulu ndi Fisi a m'nthano zathu. Tiona pang'onopang'ono mmene nkhanza isinthira mtima wa colengedwa cimene cinali cofatsa. Pa cifukwa cimeneci, pamene John Thornton amupulumutsa kwa Hal, amene anali kumumenya kuti aoloke mtsinje wouma ndi cisanu, cikondi ca Buck pa munthuyo cikhala colemera, pakuti tidziwa kumene wacokera.

Kanema amene ana ambiri amudziwa ndi wa mu 2020, wotsogoleredwa ndi Chris Sanders, mmene Harrison Ford atenga mbali ya Thornton. Buck wa m'menemo si galu weniweni ai. Anamupanga ndi kompyuta potsatira mayendedwe a munthu wochedwa Terry Notary, ndipo n'cifukwa cake nkhope yake imadabwa ndi kumva cisoni monga ya munthu. Opanga kanemayo anafewetsa zambiri. Spitz safa, angogonja ndi kucoka. Thornton anampatsa mbiri yatsopano ya bambo wolira mwana wake amene anamwalira, wothawira ku mowa. M'buku Hal amira mumtsinje pamodzi ndi anzake ndi agalu otsala, koma m'kanema akhalabe ndi moyo, alondola Thornton ndi kumuombera mfuti. Apa ndiona kuti kanema anataya cinthu cacikulu. Buku liti zoipa zicokera ku umbombo wa anthu ambiri ndi kuuma kwa dziko. Kanema aunjika zoipa zonse pa munthu mmodzi, kuti iye akafa woonerera apite kunyumba mtima uli m'malo.

Komabe sindinganene kuti buku lipambana paliponse. M'buku, amene apha Thornton ndi eni dziko a mtundu umene mlembi anangoupeka, nawacha Ayeehat. Awaonetsa ngati anthu olusa opanda maina, ndipo Buck awapha mobwezera. Ife a mu Afirika tidziwa bwino mmene mabuku a nthawi imeneyo anali kunenera za eni dziko, ndipo ndiyamika kuti kanema anaicotsa mbali imeneyi. Ndiponso pali zimene mau alephera. Mwana wa ku Garden adziwa mphepo ya mu Juni ndi matalala a m'dzinja, koma mtsinje umene munthu ayendapo pamwamba sanauonepo. Mphindi imodzi ya kanema imuonetsa zimene ine ndingafotokoze tsiku lathunthu osamveka.

Pamene ndinali kuphunzitsa ana a m'komboni mwathu, ndinawasimbira nkhaniyi m'Cinyanja, mutu umodzi pa sabata, mpaka mitu yonse isanu ndi iwiri inatha. Pambuyo pake tinaonera kanema. Ambiri anakondwa kuti Spitz sanafe. Koma mtsikana wina, amene kawirikawiri anali kukhala cete, anaimika dzanja nati, “Aphunzitsi, galu uyu sanabvutike ngati uja munatiuza. Nanga ukali anautenga kuti?” Funso limeneli linatsegula pakamwa pa anzake. Anayamba kuchula agalu a m'komboni: omangidwa pa unyolo usana wonse kuti usiku akhale aukali, oponyedwa miyala ndi ana pa njira, osakira cakudya pa dzala. Mnyamata wina anati, “Galu woluma anampanga ndi mwini wake.” Ana amenewa sanali kungokumbukira nkhani, anali kuiweruza ndi kuiyesa pa moyo wao. Kumeneku ndiye kuwerenga kwenikweni.

Inu aphunzitsi a mawa, mukafuna kuyesa njira imeneyi m'makalasi apamwamba, yambani ndi mau, kanema abwere pambuyo. Mwana akayamba waona galu wa pa kanema, sadzathanso kuumba wakewake m'maganizo. Asanaonere, auzeni ajambule Buck kapena amufotokoze m'ziganizo zisanu. Musaonetse kanema yense nthawi imodzi. Sankhani zigawo ziwiri kapena zitatu zimene mwaziona kale inu eni. Ataonera, gawani bolodi pawiri, mbali ina zimene buku linena, mbali ina zimene kanema aonetsa. Funso lakuti “N'ciani casintha?” ndi poyambira cabe. Mafunso opindulitsa ndi awa: anasinthiranji? Anafuna kukondweretsa yani? Ifeyo tapindulanji, tatayanji? Potsiriza alembe cimangirizo m'Cinyanja cosankha mathero amene awaona kuti ndi oona, ndi kupereka zifukwa. Kumene kulibe magetsi, gulu limodzi licite sewero la nthano imene mwawerenga, ena apeze zimene ocita sewerowo asiya ndi zimene aonjezera. Phunziro lake ndi limodzimodzi.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana athu adzakula akumva nkhani imodzi yosimbidwa mosiyanasiyana pa wailesi, m'nyuzipepala, pa foni ndi pa misonkhano. Amene anaphunzira ali wamng'ono kufunsa cifukwa cimene Spitz anafera m'buku koma n'kupulumuka m'kanema, adzadziwanso kufunsa amene wacotsa mbali ina ya nkhani, ndi cimene waicotsera.