Milu ya pamsika ndi masamu a ku sekondale

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, pali phunziro limodzi la masamu limene ana ambiri amaliloweza ngati nyimbo koma osalimva. M'buku amalichula kuti máximo divisor comum, mwacidule m.d.c. Ine ndimaphunzitsa ku pulaimale, ndipo phunziroli sindilithamangira, cifukwa ndikudziwa kumene likupita. Ku sekondale mwana adzakumana nalonso litavala zilembo, mphunzitsi akunena kuti pôr em evidência o factor comum. Amene sanalimve kuno, kumeneko amangoyang'ana bolodi mpaka kuyamba kudana ndi masamu.

Poyamba sindichula mawu a Cipwitikizi. Ndimafunsa m'Cinyanja: mayi ali ndi matimati 12 ndi anyezi 18, akufuna kuunjika milu yofanana, pasatsale kanthu. Milu ingaculuke mpaka ingati? Ana amayesa ndi timiyala ndi njere za cimanga. Ena amapeza milu 2, ena milu 3. Sanalakwe, koma miluyo ingathe kugawikanso. Ofatsa amafika pa milu 6, uliwonse wa matimati 2 ndi anyezi 3. Apo m'pamene ndimawauza kuti 6 ndiye nambala yaikulu koposa yogawa 12 ndi 18 popanda cotsala, ndipo dzina lake m'buku ndi m.d.c. Dzina limabwera mwana ataona kale cinthuco.

Tsopano onani zimene adzakumane nazo kutsogolo. Tinene kuti mtengo wa thimati limodzi ndi x, wa anyezi mmodzi ndi y. Ndalama zonse za mayi uja ndi 12x + 18y. Mulu umodzi ndi 2x + 3y, ndipo milu ilipo 6. Conco 12x + 18y = 6(2x + 3y). Tiyese: thimati mametikali 5, anyezi mametikali 10. Mbali yoyamba, 60 kuphatikiza 180 ndi 240. Mbali inayo, mulu ndi 40, milu 6 ndi 240. Wogulitsa pamsika wa ku Ulónguè amawerengera conco osagwira colembera.

Zilembo nazo zimatuluka cimodzimodzi. Mu 6x² + 9x, nambala 3 ikugawa 6 ndi 9, ndipo x ali mbali zonse ziwiri, ndiye timalemba 3x(2x + 3). Pamene ambiri amapunthwa ndi pa 4x + 4: amalemba 4(x), n'kutaya 1. Mwana wozolowera milu amadziwa kuti zinthu 4 pa milu 4, mulu uliwonse ulandira cimodzi, ndiye 4(x + 1).

N'cifukwa cake ndimalolera kuthera masiku angapo pa timiyala. Inu makolo, mukamaunjika mbatata kapena matimati ogulitsa, muitaneni mwana awerenge nanu. Mufunseni milu ingatuluke ingati, ndipo akakuyankhani, mufunsenso kuti wadziwa bwanji.