Giredi 10 ya ku Joni yandikumbutsa za kwathu

Abale anga a ku Chipata, ndiloleni ndinene zakukhosi. Mwana wanga wamkazi ali mu Giredi 10 kuno ku Johannesburg, ndipo zimene ndikuona kusukulu kwawo zandiwawa mumtima.

Kuno nkhani ya yunivesite amaiyamba mwana ali mu Giredi 9. Chakumapeto kwa chaka amaitana makolo kuti tidzasankhe maphunziro asanu ndi awiri amene mwana adzayenda nawo mpaka matric, mayeso omaliza a Giredi 12. Masamu alipo a mitundu iwiri, Mathematics ndi Mathematical Literacy, ndipo aphunzitsi sabisa mawu: mwana akatenga Maths Lit, za udokotala ndi uinjiniya aiwale. Mwana wa zaka 15 akuuzidwa zimenezi pamaso pa mayi ake! Palinso Life Orientation, phunziro limene aliyense amalemba, momwe amakambiranamo za ntchito zam'tsogolo. Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti Wits, UJ ndi University of Pretoria zimayamba zaona mamakisi a kumapeto kwa Giredi 11, chifukwa mwana amafunsira malo asanalembe n'komwe matric. Za udokotala ku Wits amatseka pa 30 June. Ndiye mwana wa Giredi 10 kuno amadziwa kale mamakisi amene akuthamangira.

Ife kwathu mukudziwa nokha. Unkangopeza dzina lako pa kalasi ya sayansi kapena ya commerce, basi. Za mapointi a UNZA ndi CBU tinkazimva bwino titalemba kale Giredi 12, tikudikira zotsatira za mayeso a ECZ kwinaku tikuthandiza amayi kugulitsa pa msika wa Kapata. Msuweni wanga ankafunitsitsa unamwino, mutu wake unali wakuthwa, koma panalibe womuuza msanga kuti masamu asawataye. Anabwereza pa GCE, ndalama zinatha, anakwatiwa.

Musaganize kuti kuno ndi uchi wokhawokha. NSFAS, thandizo la boma pa fizi, ndi ya nzika ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno basi. Ine ndimaluka tsitsi kuyambira m'mawa mpaka mapazi kutupa, lendi ikudikira, mapepala akudikira, ndipo usiku tulo sitibwera ndikamawerengera fizi ya yunivesite. Nthawi zina ndimalakalaka nditangokwera basi, ndikatsikire kwathu, mwanayu akayese mwayi wa ngongole ya maphunziro ya HELSB.

Komatu ana athu ndi olimba. Mtsikana wa ku St. Monica's kapena mnyamata wa ku Chizongwe amatulutsa mapointi 6 atawerenga ndi tochi magetsi atazima. Chiyambire maphunziro aulere kwathu mu 2022 makalasi adzaza, ndipo ana ambiri a ku Mchini ndi ku Navutika makolo awo sanaoneko khomo la koleji. Adzawauza ndani?

Inu amene munadutsa ku UNZA, ku CBU, ku Chipata College of Education, chonde pitani kusukulu zanu zakale mukakhale pansi ndi a Giredi 10. Ine ndawaimbira kale achemwali anga kuti andionetse lipoti la mwana wawo la temu ino, makamaka masamu ndi sayansi.