Usiku umene ndinaononga mau a agogo

Agogo aamuna atamwalila, anasiya makope atatu a mbili ya moyo wao: ubwana wao kumudzi, nchito imene anagwila ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, ndi mmene anapezelana ndi agogo aakazi. Msuweni wanga wa ku Mchinji anataipa zonse m'mafaelo 40 n'kunditumizila. Iye analemba monga alembela ku Malawi: "chifukwa", "ntchito", "kwambiri". Ife kuno timalemba "cifukwa", "nchito", "kwambili". Amalume anati tisindikize kabuku m'kalembedwe kathu, kuti adzukulu aŵelenge monga anaphunzilila kusukulu.

Ulesi unandigwila. Ndinakumbukila sed, kapulogalamu kamene Lee McMahon analemba ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970. Ulibe mabatani, umangolemba lamulo, iko kamaŵelenga faelo mzele ndi mzele, n'kusintha zimene wakauza. Ndinalemba:

sed -i 's/ch/c/g; s/r/l/g' *.txt

Cilembo s citanthauza kusintha, g kuti paliponse pamzele, ndipo -i kuti zilembedwe m'faelo momwemo. Ndisanaphethile, mafaelo onse anali atatha.

Nditatsegula loyamba, mtima unagunda. Agogo anali kugwila "ntcito" ku "Folt Jameson", ndipo abale athu anali ku "Mcinji". Makina sadziŵa dzina la malo, amangoona zilembo. Ndinaganiza zobweza, koma ndinazindikila kuti r ndi l zinali zitasakanizika. Ndikanadziŵa bwanji l amene anali r poyamba? Kope lina ndinalibe, cifukwa -i anali atalemba pamwamba pa zakale.

M'maŵa ndinaimbila msuweni ndili ndi manyazi. Anaseka kwambili, nati, "Asuweni, musadandaule, zonse zikali m'kompyuta yanga."

Ulendo waciŵili ndinayamba ndi -i.bak, kuti faelo lililonse lisiye kope lake lakale. Ndinaphunzilanso kuti dongosolo la malamulo ndi lofunika: uyambe wabisa tch, kenako usinthe ch, pomaliza ubweze zimene unabisa.

sed -i.bak 's/tch/@@/g; s/ch/c/g; s/@@/ch/g' *.txt

Apo "ntchito" inakhala "nchito" bwinobwino. Koma maina a malo, mau oyamba ndi cilembo cacikulu, ndi nkhani ya r, ndinakonza ndekha, tsamba ndi tsamba, kwa mausiku anai.

Ndi mmene ndinaŵelengela makope aja koyamba. Pafaelo la 31 agogo anafotokoza tsiku limene ndinabadwa, kuti anayenda wapansi kupita kucipatala cifukwa njinga inali itaphulika thayala. Palibe amene anandiuzapo zimenezi. Lamulo loyamba lija likanayenda bwino, ndikanapeleka mafaelo kwa amalume osaona mzele umenewo.