Pa Maselema ndidakumbuka amalume anga a njuga

Loweruka lapitali ndidatsika minibasi pa Maselema cha m'ma 10 koloko m'mawa, m'thumba muli K45,000 ya feteleza. Ndalamayo ndimakaombolera foni ya mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, yomwe adaiika pinyolo kwa mkulu wina wa katapila atadyedwa pa kubetcha. Mchemwali wangayo adandiimbira Lachinayi usiku akulira, ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno mwana akapalamula, woyenda ndi malume.

Kwa ongodutsa pa galimoto, Maselema ndi siteji chabe pa msewu wa Masauko Chipembere, pakati pa Chichiri ndi Limbe. Koma mukatsika n'kulowa m'tinjira ta kuseri mupeza mipanda italiitali, mageti achitsulo, nyumba zosungiramo katundu ndi malo ogulitsira galimoto zonyezimira zomwe ambirife timangozionera pa galasi. Anthu ambiri amene mukumane nawo sagona pano. Amalawirira wapansi kuchokera ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa kudzadikira ganyu wotsitsa matumba m'mathiraki. Pomwe pali malipiro a pa tsiku sipasowa amayi a nsima, anyamata a chiwaya ndiponso njuga.

Ndikudikira mphwangayo pansi pa mtengo, maso anga adagwa pa ngodya ina ya mpanda yomwe ndimaidziwa kuyambira ndili mwana. Pamenepo m'zaka za m'ma 1990 ndi pomwe amalume anga ankayala katoni mwezi ukatha, n'kuyamba kugawa makadi.

Sadali munthu wamba iwowa. Adafika Fomu 4 nthawi yomwe zimenezo zidali zosowa m'banja mwathu, ndipo ankagwira ukalaliki pa kampani ina pomwepa. Chizungu ankachiyankhula ngati akumwa madzi. Anzawo ankawatchula kuti a Dokotala, ngakhale sadabayepo munthu jakisoni. Dzinalo lidachokera mu kanema wa Tombstone wa mu 1993, yemwe adafika m'timashedi ta vidiyo ta mu Ndirande patapita kanthawi. Adanditenga kukaonera katatu konse. Ine Chizungucho sindinkamva, koma munthu wowonda uja, wa chipewa chakuda, wotsokomola m'kampango uku akugawa makadi, mfuti ili m'chiuno, aliyense m'shedimo ankamumva. Adali Doc Holliday, ndipo amene ankasewera mbali yake ndi Val Kilmer. Akangotulukira, benchi yonse inkaimba mluzu. Amalume adagula chipewa chakuda pa kaunjika ku Limbe sabata yomweyo.

Ndidadzawerenga mbiri yeniyeni ya munthuyu ndili wamkulu kale, ndipo idandiwawa chifukwa idafanana ndi ya amalume kuposa momwe kanemayo adaonetsera.

John Henry Holliday adabadwa pa 14 August 1851 m'tauni ya Griffin ku Georgia, m'dziko la America. Mayi ake adamwalira ndi chifuwa chachikulu iye ali ndi zaka 15. Adaphunzira udokotala wa mano ku Philadelphia n'kumaliza mu 1872 asanakwanitse zaka 21. Ndiye kuti udokotalawo udali weniweni. Posakhalitsa nayenso adapezeka ndi chifuwa chomwe chija, ndipo mu 1873 adasamukira ku Dallas ku Texas poganiza kuti mphepo youma ya kumadzulo imuthandiza. Koma ndani angayasamule kukamwa kwa dokotala amene akutsokomola? Odwala adachepa, iye n'kupeza kuti makadi akubweretsa ndalama msanga kuposa mano.

Kumadzulo kwa America masiku amenewo kudali matauni ophuka ngati bowa paliponse pomwe papezeka siliva kapena msika wa ng'ombe. Munkadzaza amuna osiya mabanja kutali, olandira ndalama lero osadziwa za mawa, ndipo boma lidali lofooka. Agogo athu amene adapita ku Joni pa Wenela akadamva fungo la malo otere msanga. Holliday ankangoyenda m'matauni amenewa, ku Fort Griffin, ku Dodge City, mpaka ku Tombstone ku Arizona, kutsata mnzake Wyatt Earp. Kumeneko, pa 26 October 1881, ndi komwe kudachitika kuomberana kotchuka kwa pafupi ndi O.K. Corral. Holliday ndi abale atatu a banja la Earp adayang'anizana ndi gulu la a Clanton ndi a McLaury. Anthu atatu adafa: Billy Clanton, Tom McLaury ndi Frank McLaury. Nkhondo yonseyo idatenga pafupifupi masekondi 30.

Masekondi 30 pa moyo wa zaka 36. Pa masekondi amenewo ndi pomwe a kanema adamangapo chuma chawo, kuyambira kanema wa mu 1957 momwe mudali Kirk Douglas mpaka uja tidaonera ku Ndirande. Zaka zotsatira sazikonda kwenikweni. Mu 1884, ali m'tauni ya migodi ya Leadville ku Colorado, Holliday adali atatheratu thupi, mowa utamulowerera, ndalama alibe. Adabwereka madola asanu kwa munthu wina dzina lake Billy Allen n'kulephera kubweza. Allen atabwera kudzalonjerera ngongole yake, Holliday adamuombera pa mkono. Khoti lidamumasula chaka chotsatira, koma taganizani: katswiri wa makadi amene dziko lonse likumudziwa lero adafika poombera munthu chifukwa cha madola asanu. Adamwalira pa 8 November 1887 pa bedi la mu hotela ku Glenwood Springs. Ngakhale manda ake enieni m'manda a m'tauniyo sadziwika pomwe ali, padangoikidwa mwala wa chikumbutso.

Chimodzi ndimamumvera nacho chisoni. Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu adakatulukira Robert Koch mu 1882, koma mankhwala ake adadzapezeka m'zaka za m'ma 1940. Holliday ankadziwa kuti akufa ndipo palibe akadamuchiza. Munthu wotere akaika zonse pa tebulo, mwina n'kumumvetsa.

Amalume anga analibe chodzikhululukira chotere. Atayamba kutsokomola, mankhwala adalipo aulere ku Gulupu, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi kuchokera pa Maselema. Adayamba kumwa, atangomva bwino pang'ono n'kusiya, akuti mapiritsi sagwirizana ndi kachasu. Ntchito idatha atapezeka kuti adagwira ndalama za kampani kuti akabwezere zomwe adadyedwa. Wailesi idapita, njinga idapita, makina osokera a akazi awo adapita usiku iwo ali ku maliro. Mfuti sadaigwirepo, koma chipsera cha botolo pa tsaya adali nacho, cha tsiku lomwe wina adawapeza ndi khadi m'manja mwa malaya. Adamwalira pa mphasa m'nyumba ya lendi ku Ndirande asanafike zaka 40. Bokosi tidachita kusonkherana. Anzawo a pa katoni adabwera awiri okha, ndipo mmodzi adafunsa mayi anga, mwaulemu ndithu, ngati malemu adasiya mawu pa za ngongole yake.

Sindikufuna kunama kuti ndinkadana nawo. Tsiku lomwe apambana ankabwera ndi nyama ya mbuzi ndi Fanta wa mwana aliyense, ndipo nsapato zanga zoyamba za kusukulu zidachokera pa katoni pomwepo. Ndi chifukwa chake nkhaniyi imandivuta. Njuga imapatsa kokwanira kuti uikumbukire zabwino.

Pa ngodya ija lero palibe katoni. Anyamata asanu adakhala pa njerwa, aliyense atawerama pa foni yake, osayankhulana. Ena amabetcha mpira wa ku England, ena kandege kaja kamene kamakwera ndalama ikuchuluka mpaka kuthawa mwadzidzidzi. Amalume ankafunika kudikira mwezi uthe, apeze anzawo anayi ndi malo obisika kwa apolisi. Awa safuna chilichonse mwa zimenezo. Ndalama ya ganyu ikalowa mu foni 12 koloko, pofika 12:30 yapita, popanda wokuona kapena mnzako wokugwira dzanja kuti basi achimwene, tiyeni kunyumba. Zonse n'zololedwa, bungwe la MAGLA limapereka ziphaso, ndipo lamulo limaletsa okhawo osakwana zaka 18. Mphwanga ali ndi zaka 22.

Adatulukira thupi lonse lili mbuu ndi fumbi la simenti. Tidapita limodzi kwa mkulu wa katapila uja, yemwe adawerenga ndalama kawiri n'kutulutsa foniyo m'chikwama momwe mudali mafoni ena ambiri, omangidwa ndi mphira, lililonse ndi kapepala ka dzina.

"Ankolo, ndibweza mwezi uno," adatero mnyamatayo tikubwerera ku msewu. "Ndidangotsala ndi timu imodzi yokha."

"Iwe, agogo ako aja a chipewa ankatsalanso ndi khadi imodzi tsiku lililonse," ndidamuyankha.

Adaseka, poti nkhani ya chipewacho amaidziwa ngati nthabwala ya pa banja. Ndidamugulira tchipisi pa chiwaya, ndipo tili chiimire ndidamufotokozera za dokotala wa mano uja, kuyambira ku Georgia mpaka pa madola asanu a ku Leadville. Adamvetsera bwino, kuposa momwe ndimayembekezera. Nditamaliza adafunsa ngati kanemayo angapezeke pa intaneti, ndi kuti pa kuomberana paja Doc adagwetsa angati.

Tidagwirizana kuti malipiro ake a sabata azilandirira pa nambala ya mayi ake kufikira K45,000 itakwana. Adavomera mosavuta, mwina mosavuta kwambiri. Minibasi ya ku Limbe itaima ndidakwera, ndipo pamene inkanyamuka ndidamuona pa windo akuwoloka msewu kubwerera ku geti, foni ili kale m'manja, akuiyatsa.